Makina Amene Tinawavinira

Moni omvera anzanga. Ndine mayi wa ku Misuku, ndipo ndili ndi dandaulo.

Chaka chatha chipatala china kuno ku Chitipa chinalandira makina ofunditsira ana obadwa masiku asanakwane. Ndi bokosi lagalasi, la mabatani ndi manambala oyaka. Amayi tinaitanidwa, tinavala nsalu ya chipani n'kuvina tsiku lonse pothokoza.

Mwezi watha matenda anandiyamba mimba ili ndi miyezi isanu ndi iwiri. Abale ananditsitsa m'mapiri pa machira mpaka kuchipatala chomwecho. Mwana anabadwa wochepetsetsa, thupi lili zii. Makina aja ndinawaona pakona atavundikiridwa.

Ndinati, "A nesi, chonde muikeni muja!"

Iwo anati, "Pepani mama, amene anaphunzitsidwa makinawa anali mmodzi yekha, ndipo anamusamutsa. Ine ndikadina polakwika mwana apsa. Ndikawaononganso, ndi katundu wa boma, ndikayankha chiyani?"

Mtima unandiwawa zedi. Magetsi alipo, makina alipo, koma wodziwa palibe! Nanga tinkavinira chiyani?

Nesiyo anamugoneka mwana pachifuwa panga, n'kumumangirira ndi nsalu yomwe ija ndinavinira. Ankabwera pafupipafupi kudzamukhudza mapazi, ine ndikungopemphera. Mulungu ndi wabwino, mwana wanga ali moyo. Yewo chomene, a nesi. Koma mayi wa bedi loyandikana nane anabwerera kwawo chimanjamanja.

Sindikunyoza boma, ayi. Ndikungopempha akuluakulu kuti pobweretsa makina muziphunzitsa anamwino onse. Tsiku lomwe ndinkatuluka, ndinaona makina aja akuwapukuta fumbi, n'kuwavundikiranso.