Mfundo ya pa Chitenje cha Apongozi

Nyumba ya ku Mongue. Mabuku anga a ku koleji. Kabati ya mankhwala imene ndinkayang'anira pachipatala chathu chaching'ono. Felisa, mkazi wanga. Zimenezi nkhondo yatenga.

Mtendere ukhale nanu, abale ndi alongo. Sindinaimirire pano kuti mundilirire.

Titaika Felisa, tinathawira kuno kufupi ndi malire, ine ndi amayi ake. A malume ake anandiitana. Anati, "Mkamwini, takusudzulani. Mulibe mwana pano. Wolokerani ku Malawi, mukayambe moyo wina."

Ndinati, "Sindichoka."

"Mukudikira chiyani? Alongo angawa akutsatira mwana wawo. Simukuona mmene akugwera?"

Ankagwadi. Akadzuka pamphasa, chizungulire, pansi. Popita kuchitsime, pansi. Ena mwa inu munkanena kuti Felisa akuwaitana. Ndinakumvani.

Ine ndinkaona china. M'mawa uliwonse ankamasula mfundo ya pangodya ya chitenje chawo n'kumeza kanthu. Koma mkamwini sayandikira apongozi. Tikakumana panjira, mmodzi amapatukira kutchire. Miyezi iwiri ndinkangoyang'anira patali, ulemu wanga ukuwapha.

Tsiku lina anagwera pafupi ndi moto. Ndinapita n'kugwada pamphasa pawo. Anaphimba nkhope ndi chitenje.

"Bambo, mwapenga kodi?"

"Amayi, masulani mfundoyo."

"Anthu aona."

"Aone."

Munali mapiritsi oyera, achikasu ndi ofiirira. Oyera anawapatsa namwino wa tsidya la Malawi. Achikasu anagula kwa wamalonda wa panjinga. Ofiirira anali otsala a mnzawo amene anamwalira. Timapaketi take anali atasunga m'chitini. Ndinawerenga. Onse anali mankhwala amodzimodzi, otsitsa kuthamanga kwa magazi. Ankamwa atatu m'malo mwa limodzi, poganiza kuti mtundu uliwonse uli ndi nthenda yake.

Ndinawasiyira oyera okha. Lero ndi awo akhala kutsogoloko. Madzi amakatunga okha.

A malume anati ndalichititsa manyazi banja. Ndinawayankha kuti manyaziwo ndisenza, koma maliro achiwiri sindisenza.

Ndikuthokoza Mulungu. Sanandibwezere Felisa, ndipo sindikunamizani kuti ndinasiya kumufunsa chifukwa chake. Koma wandipatsa ntchito. Loweruka lililonse ndimayala mphasa kuseri kwa tchalitchi chino. Inu akuluakulu, bwerani ndi mfundo zanu zonse. Musabise ngakhale piritsi limodzi, ngakhale mizu ya m'botolo. Tiziona pamodzi zimene zikukuthandizani ndi zimene zikukugwetsani. Mfuti sindingazitseke pakamwa, abale. Koma imfa ya m'chitenjeyi siititengeranso munthu ine ndikuona.

Amene mukufunsabe kuti ndichoka liti, imvani. Chipolopolo chitamupeza Felisa panjira yothawira, ndinamubereka kumsana. Za ululu wake sananene. Anangoti, "Musawasiye amayi. Ndi amanyazi aja, akadwala sadzakuuzani."