Bowo la pa Kona Seveni

Ine, Lamduan Phromsen, wa zaka makumi asanu ndi zinayi, wa m'mudzi wa Nong Takian, wogulitsa mpunga ndi nkhuku pa bwalo la mipikisano ya njinga zamoto la m'mudzi momwemo, ndabwera ndekha, osaitanidwa, kudzanena zomwe ndinaona pa ngozi ya Lamlungu lapitali. Munthu amene mukumusunga muno ku polisi, Ko Tint wa ku Burma, wotchetcha udzu ndi kukonza mpanda pa bwalolo, ndamva kuti mawa apita ku khoti, akalandidwe chilolezo cha ntchito n'kubwezedwa kwawo. Munthu ameneyu sanalakwe. Bwana wolemba wati ndisadumphe kanthu, ndiye ndiyambira kutali pang'ono.

Ndinayamba kugulitsa pa bwalolo msewu wake udakali wa fumbi lofiira. Masiku amenewo njati zoweta za anthu zinkagona pakati pa msewu, mpikisano n'kuima mpaka mwini wake apezeke. Anyani ankaba magolovesi a othamangitsa njinga. Chaka china nsato inapezeka itadzipinda m'matayala otchingira pa kona, wogwira mbendera anathawa mpaka kumsika mbendera ili m'manja. Zonsezi tinkangoseka chifukwa palibe amene ankavulala.

Akatswiri anali awiri: achimwene anga a Wichian, a njinga nambala naini, ndi amuna anga a Thanom. Chikho ankangosinthana, chaka chino uyu, chaka chamawa uyo. Achimwene ankakonda kunena pagulu kuti, "Alamu, mlongo wanga ndinakupatsani, chikhochi ndiye iwalani." A Thanom ankayankha kuti, "Mlongo wanuyo mutengeni, amandidyetsa zotsala za makasitomala."

Chaka cha madzi osefukira, pa mpikisano wotsekera nyengo, awiriwa analowa pa Kona Seveni ali phewa ndi phewa. Njinga zinakhudzana. Achimwene anakagunda mtengo ndipo anafera pomwepo. A Thanom sanaone zakumbuyo, anamaliza oyamba atakweza dzanja. Chikho chimenecho chili pamwamba pa kabati kunyumba, chokulungidwa m'thumba la mpunga. Sanapikisanenso. Anapempha ntchito yogwira mbendera pa kona yomweyo, ndipo aigwira zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi.

Tinamanga kachisi kakang'ono ka mzimu wa achimwene pamalo pomwe anagwera, mkati mwa konayo. Kutsidya kwa msewu kuli dziwe. Maliro atangotha, madzulo ena ng'azi yaikulu inatuluka m'dziwemo, n'kuwoloka msewu, n'kudya nsembe yonse ya pa kachisi. Inkatsimphina mwendo wakumanzere, monga ankachitira achimwene chithyokereni mwendo ali mnyamata. A Thanom anagwada nati, "Ndi alamu awa." Kuyambira tsikulo palibe pa bwalo amene amaitchula kuti ng'azi. Timati a Naini.

M'mawa wa tsiku lililonse la mpikisano ine ndimaphika nkhuku yathunthu ndi mazira, n'kukaziika pa kachisi pamodzi ndi botolo la chakumwa chofiira, n'kuyatsa lubani. Othamangitsa njinga amadutsa pamenepo kudzaweramitsa mutu asanavale zisoti. A Naini sankawoloka masana. Ankadikira dzuwa lipendeke, cha m'ma 5 koloko, mainjini atakhala chete.

Zaka zitatu zapitazo msewu unathiridwa phula, liwiro linakwera, ndipo bwana wa bwalo anazungulitsa mpanda wa waya kuti nyama zisalowenso. Sabata yomweyo a Thanom anadula bowo m'munsi mwa mpanda, pafupi ndi ngalande yochokera ku dziwe. Tonse tinkadziwa: ogwira mbendera, amakanika, othamangitsa njinga. Bwana yekha ndiye sankadziwa.

Ko Tint anabwera chaka chatha ndipo palibe amene anamuuza za bowolo. Akapeza bowo ankalitseka, a Thanom n'kudulanso, iye n'kutsekanso. Anyamata a mbendera anazisandutsa masewera, n'kumupatsa dzina loti Telala. Akamadutsa ndi mpukutu wake wa waya ankamukuwiza kuti, "Telala, buluku lang'ambikanso uko!" Iye ankaseka nawo osadziwa chomwe akuseka. Tsiku lina akudya pa malo anga anandifunsa kuti, "Mayi, kodi zimenezi ndi agalu kapena anthu? Galu sadula waya mowongoka chonchi." Ine ndinati, "Idyani mpunga, uzizira." Ndinamuwonjezera ntchafu ya nkhuku.

Tsopano za Lamlungu. M'mawa, cha m'ma 7 koloko, ndikupita ndi nsembe ku kachisi, ndinaona Ko Tint atagwada pa ngalande akutseka bowo. Anaika waya kawiri. Anandipatsa moni ndipo ndinayankha. Atachoka, a Thanom anabwera pa malo anga n'kutenga pulayala ya chigwiriro chofiira. Imakhala m'dengu langa, pansi pa mbale, kuti bwana asaipeze m'kanyumba kawo ka ogwira mbendera. Ndinati, "Bambo, kumwambaku sikuli bwino, bwanji lero musiye?" Iwo anati, "Ukufuna mlongo wako agone ndi njala? Nanga nkhukuyo waphikiranji?" Ndinawaona akuwerama pa ngalande, kenako anabwezera pulayala m'dengu.

Mvula inayamba isanakwane 12 koloko ndipo inagwa yamphamvu. Mpikisano waukulu, umene umayamba 1 koloko, unaimitsidwa mpaka msewu uume. Unayamba itapitirira hafu pasiti folo, dzuwa litatulukanso. Nthawi imeneyo ndinali pa kanyumba ka mbendera pa Kona Seveni, nditawapititsira a Thanom khofi. Nkhuku inali ikadali pa kachisi. Ndinayang'ana ku dziwe, iwonso anayang'ana. Ndinati, "Nthawi ya a Naini yakwana." A Thanom anali ndi wayilesi ya ovaova pachifuwa, ndipo mawu awo amodzi akanaimitsa mpikisano. Anati, "Alamu amaidziwa njinga kuposa tiana iti. Sawoloka." Atafunsidwa pa wayilesi, anayankha kuti, "Seveni kuli bwino." Ine ndinaima pomwepo ndi kapu m'manja.

Pa ulendo wachitatu wozungulira bwalo, amene ankatsogola anali Orathai, mtsikana wa zaka makumi awiri ndi ziwiri, mwana wa makanika wina wa pa bwalolo. Mwana ameneyu anakulira pa benchi langa, amanditchula Azakhali. Ng'azi inatuluka pa bowo lija n'kukwera pa phula. Kutalika kwake inali ngati munthu atagona. A Thanom anaiona, koma mbendera yawo yachikasu yochenjezera inali yoloza pansi. Orathai anatulukira atapendeketsa njinga ndipo anaigunda pakati. Anaulukira m'matayala otchingira, njinga n'kugwera pakati pa msewu. Kuchokera pomwe ndinaima mpaka pomwe anagwera ndi pafupi ngati kuchokera pano kufika pa geti la polisi.

A Thanom anataya mbendera n'kuthamanga. Sanapite kwa mtsikanayo. Anapita kwa ng'azi, anavula jekete yawo n'kuifunditsa, akulira kuti, "Alamu! Alamu, ndakuphaninso!" Njinga zina zinali zikubwera.

Amene anatola mbenderayo ndi Ko Tint. Anali chapafupi akuchotsa zinyalala zomwe mvula inatsekera mu ngalande ina. Analumpha chotchinga, anaima pakati pa msewu akugwedeza mbendera, njinga zikumudutsa mbali zonse, mpaka mbendera yofiira yoimitsa mpikisano itakwezedwa. Kenako anagwada pa Orathai n'kumugwira mutu ndi manja awiri kuti usagwedezeke, mpaka ambulansi itafika. Ndi chifukwa chake apolisi anu anamupeza pamenepo ali ndi magazi m'manja, mpukutu wa waya uli paphewa.

Ambulansi itachoka, ndinapita pa ng'azi ija n'kutukula jekete. Mimba inali itaphulika. Pa phula panali mazira oyera, ambiri, ena osweka. Inali yaikazi. Ndinayang'ana miyendo, yonse inayi inali yabwinobwino. Sindikudziwa kuti ndi ng'azi zingati zadya nkhuku zanga pa zaka zonsezi, ine n'kumazitchula achimwene. Ndinabwezera jekete monga inalili, osauza munthu.

Bwana wa bwalo anapeza bowo lija ndipo anakalipa kwambiri. Apolisi asanafike, ogwira mbendera anasonkhana kuseri kwa malo anga. Nkhanga zinapangana kusanapse. Wina anati, "Mpanda ndi ntchito ya ndani? Ya Telala. Basi, yatha. Iye ali ndi kwawo kobwerera, ife tipita kuti?" Wina anati, "Amalume a Thanom akalamba, ndende sangaithe." A Thanom anakhala pa kreti atazyolika. Mayina a anthuwa ndiwatchula mukafuna, koma dziwani kuti onse ndi ana omwe ndawadyetsa.

Apolisi anu atafunsa ngati pali amene anaona kanthu m'mawa, ine ndinali ndikutsuka mbale. Ndinatsuka mbale imodzimodziyo mpaka anamaliza kufunsa. Akumukweza m'galimoto, Ko Tint anandiyang'ana nati, "Mayi, auzeni. Munandiona ndikutseka m'mawa." Ndinati, "Sindinaone kanthu, ndinali pa moto." Mawu anga anali amenewo, alembeni monga momwe alili. Iye sanatsutse. Anaika manja pamodzi n'kundiweramira monga amachitira masiku onse akamaliza kudya, galimoto n'kunyamuka.

Lachitatu ndinapita ku chipatala ndi malalanje. Orathai wathyoka ntchafu ndipo msana wavulala. Madokotala sakunena ngati adzayendanso. Bambo ake anali pa khonde, anati, "Mlendo ameneyu awolere m'ndende, wandivulazira mwana ndi ulesi wake." Bamboyu bowo ankalidziwa monga tonsefe, ndipo kale ankathandiza kugula lubani. Tinayang'anizana, aliyense n'kuyang'ana kumbali. Nditalowa, mwanayo anandigwira dzanja nati, "Azakhali, ndawagunda a Naini. Kodi andikhululukira? Mukandipepesere pa kachisi." Mwana wogona chagada, miyendo osaimva, kupepesa ng'azi. Manyazi amene anandigwira pamenepo sindinawamvepo chibadwire. Ndinasiya malalanje pa bedi n'kutuluka osatsanzika.

Dzulo masana mkazi wa Ko Tint anabwera kunyumba mwana ali m'manja. Chilankhulo chathu sachidziwa bwino. Anabweretsa kontena yanga yomwe mwamuna wake anatengeramo ndiwo Loweruka, ataitsuka. Anati, "Zikomo, mayi. Iye amati inu nokha wabwino." Sanapemphe kanthu. Ndinamupatsa madzi akumwa, ndinalephera kumuyang'ana kumaso.

Lero m'mawa ndinawauza a Thanom za mazira aja. Anati, "Ndinawaona." Ndinati, "Nanga mwendo?" Anati, "Yotsimphinayo inafa kalekale, ndinaikwirira ndekha kuseri kwa dziwe. Ndikanakuuza ukanasiya kuphika, ndiye ine ndikanamapepesa kwa ndani?" Ndinawauza kuti ndikubwera kuno. Anati, "Ukwati wa zaka makumi atatu uutaye chifukwa cha mlendo?" Ndinati, "Mlendoyo ndi amene anatola mbendera yanu." Anavala nsapato n'kutuluka.

Pulayala ndi iyi ndaika pa tebuloyi. Pa chigwiriro pali nambala naini, a Thanom anailemba okha ndi msomali. Mukapita pa ngalande mupeza waya wa Ko Tint, woika kawiri uja, akadali wolendewera m'mbali mwa bowo, wodulidwa mowongoka.

A Thanom muwapeza pa Kona Seveni, atakhala pafupi ndi kachisi. Sathawa, sanachokepo pamenepo zaka zonsezi. M'jumbo umu muli zovala zawo ndi mankhwala a kuthamanga kwa magazi, amamwa m'mawa atadya kaye. Bwana wolemba wandifunsa kawiri ngati ndikudziwa kuti mawu angawa angawalowetse amuna anga m'chipinda chomwe muli Ko Tint. Ndikudziwa. Chomwe ndikupempha n'choti mumutulutse munthuyo lero, asagonenso muno, ndipo mundilole ndichoke asanatuluke.

Mwandiwerengera zonse ndipo zili monga ndanenera, kupatula chimodzi. Mwalemba kuti waya anadula ndi a Thanom. Lembaninso kuti nkhuku ndinaphika ndine.

Zomwe ndikudziwa zathera pamenepa.

Wopereka umboni: Lamduan Phromsen ______________________

Wolemba umboni: ______________________