Kabotolo ka Malovu

Dokotala wa matenda a maganizo anatha zaka khumi ndi zisanu akufufuza mmene matendawa amayendera m'magazi, poti bambo ake, agogo ake ndi azakhali ake onse anadwala, ndipo iye ankangodikira tsiku lake. Mkazi wake atakhala woyembekezera, mantha anakula, ndiye anaitanira amayi ake ku ofesi n'kuyala patebulo chipepala cha mtundu wawo wonse.

"Amayi, lavulirani m'kabotolo aka."

"Ine? Kulavula pamaso pa mwana wanga? Toto!"

"Ndikufuna ndiyeze malovuwo, ndidziwe ngati ine ndi mwana akubwerayu tili pangozi."

"Simuli pangozi."

"Mwadziwa bwanji? Taonani." Analoza mayina atatu amene anawazunguliza ndi inki yofiira. "Theka la magazi anga ndi la bambo."

Amayi anayang'ana kudenga. "Koma feni yakoyi imazungulira bwino."

"Anaikonza Lolemba. Lavulani, amayi."

"Mwanawe, bambo ako anali aafupi. Iwe umawerama pakhomo."

"Utali umatha kudumpha mbadwo. Ndinalembapo nkhani imeneyo."

"Analinso ndi dazi. Iwe tsitsi ngati tchire."

"Dazi silisankha, amayi."

Amayi anausa moyo, n'kukokera mpando pafupi. "Pamene unkabadwa, bambo ako anali atagonekedwa m'chipatala miyezi khumi ndi inayi."

"Eya, fayilo yake ndili nayo," anayankha monyadira. "Miyezi khumi ndi inayi ndi masiku atatu, osatuluka ngakhale tsiku limodzi."

"Ndiye?"

"Ndiye matendawo anali aakulu zedi! N'chifukwa chake ndikuopa!"

"Kalanga ine!" Amayi anaomba m'manja. "Sukulu yonse ija, mutu wako sungagwire nkhani yapafupi chonchi?"

Koma dokotalayo sankaseka. "Amayi, ine sindigona. Munthu akandiitana panja, ndimayamba ndafunsa mkazi wanga ngati nayenso wamva."

Apa chisoni chinawagwira amayi. Anamulanda cholembera, n'kukhwatcha mzere wochokera kwa bambo kupita kwa iye, n'kujambula wina wolowera kumphepete kwa pepala, kumene kunalibe dzina lililonse.

"Amayi! Mwawononga kafukufuku wanga!"

"Kagone tulo, mwanawe," anatero akunyamula chikwama chawo. "Atelala apakona aja mutu wawo unali bwinobwino. Koma ukayezetse shuga."