Pulogalamu Ndimabweza, Masamba Ayi

Aulutsi, ine ndimayang'anira makompyuta pa esiteti ina ya tiyi kuno ku Mulanje, ndipo ndatopa. Sikelo zoyezera masamba zimadalira kompyuta yaikulu yotchedwa seva. Sevayo ili kuno, koma oilamulira ali m'tauni.

Lolemba lina anaikamo pulogalamu yatsopano osatiuza, sikelo zonse n'kungoti zii. Othyola tiyi anaima pamzere dzuwa likuswa mtengo, ine ndili kalikiliki kuchotsa yatsopanoyo ndi kubwezeretsa yakale. Mmene sikelo zimadzuka n'kuti masamba atafota.

Ndinawaimbira a m'tauniwo ndipo anapepesa. Koma Lolemba lililonse makina awo akaona kuti tatsalira pa pulogalamu yakale, amaikamonso yatsopano ija, ine n'kuyambanso kubweza.

Sabata yathayi nditamaliza, ndinatuluka kukalengeza kuti zonse zabwerera mwakale. Mayi wina wachikulire wa ku Milonde anandionetsa dengu lake la masamba ofota.

"Zonse, achimwene? Nanga masamba angawa muwabwezeranso kumtengo?"



Inu a m'tauni, musanadine batani lanulo, kumbukirani kuti kuno kuli munthu wabereka dengu kumsana. Ndikulemba kalatayi lero Lamulungu. Mawa ndi Lolemba.