Ndinadumpha Masamba a Maliro Ndili pa Njinga

Moni nonse amene mumatsata tsamba langali. Ambiri munandidziwira pa zithunzi za mipikisano ya njinga, ndili matope mpaka m'makutu, mano okha akuwala. Lero sindinabwere ndi chithunzi. Ndabwera ndi nkhani ya masiku awiri amene mtembo wa mayi anga unagona m'nyumba popanda wokumba manda, chifukwa cha ine ndi njinga yanga. Ndazengereza nthawi yaitali kuilemba, koma kubisa zimene Mulungu anandichitira kwayamba kundilemera kuposa manyazi.

Ndine Yobe, wa kudera la Mlolo, mlimi wa chimanga ndi mtedza ngati wina aliyense. Njinga yanga ya magiya, ya matayala okhakhala aja, ndinaigula pa salaula, pamsika wa katundu wogwiritsidwapo kale ntchito, ku Chipata chaka chimene mtedza unandikomera. Ku boma la Chadiza tili ndi kagulu ka okonda kupalasa: aphunzitsi awiri, wokonza mafoni, ndi alimi angapo ouma mitu ngati ine. Tikatha kukolola timachita mpikisano m'tinjira ta m'midzi. Umatsetsereka m'zigwa, umawoloka mtsinje njinga ili paphewa, ndipo okonza njira amagoneka nthambi mopingasa kuti ukafika pamenepo utsike, unyamule njinga, ulumphe. Ine ndinaphunzira kudumpha nthambizo osatsika, njinga ndi mwini wake m'mwamba limodzi. Ndinkadzitama nazo kwambiri, mpaka mayi ankandinena kuti tsiku lina ndidzasiya mano panjira ndipo iwo sadzatola.

Mpikisano umene unandigwetsa unali Loweruka lina m'nyengo yozizira. Njira inakonzedwa Lachisanu, ndipo inkadutsa m'mudzi wa kutsidya kwa mtsinje wathu. M'mawa wa Lowerukalo, ife tili kale ku boma poyambira, m'mudzimo munamwalira mtsikana, mwana yekhayo wa aNabanda, mayi wamasiye. Anthu anachita monga timachitira tonse, anagoneka masamba aawisi panjira kumtunda ndi kumunsi kwa nyumba ya maliro. A kwathu mukudziwa tanthauzo lake. Wapanjinga amatsika, amavula chipewa, n'kukankha njinga mwakachetechete mpaka atadutsa masamba achiwiri. Ndinakula ndikudziwa zimenezi.

Tsikulo ndinali patsogolo pa onse, ndipo a Mwale, mphunzitsi amene ankandigonjetsa chaka ndi chaka, anali kumbuyo kwanga pang'ono. Nditaona zobiriwira panjira ndinati ndi nthambi za mpikisano. Ndinakoka mahandulo, ndinadumpha bwino kwambiri, n'kukuwa mokondwa ngati wapha nyama. Tayala litangogunda pansi ndinamva kulira kwa amayi, ndipo ndinaona amuna atakhala pansi pa mtengo, mitu ili zyoli.

Apa ndi pamene ndakhala ndikunama, choncho ndinene zoona. Nthawi yogwira mabuleki inalipo. Ndinacheuka, ndinaona malaya ofiira a a Mwale akubwera, ndipo ndinapalasa. Ndinadutsa pakhomo pa maliro ndi liwiro lonse, chisoti chili kumutu, fumbi langa likugwera amayi amene anakhala pakhonde. A Mwale anatsika, ndipo onse a kumbuyo anatsikanso. Ine ndekha ndi amene ndinaona kuti kupambana n'kofunika kuposa mwana wa munthu.

Pa masamba achiwiri ndinakumana ndi adzukulu akupita kumanda ndi makasu awo. Mkulu wawo, a Gwaza, anandikoka malaya n'kundigwetsera pansi. Anandimenya ndi mipini kumsana ndi m'nthiti, osathamanga, mosinthana ngati akupuntha mapira. Wina anaponda dzanja langa lamanja, mnzake n'kulimenya mpaka ndinamva fupa likuthyoka. Njinga anaitema matayala ndi nkhwangwa ndi kuponda masipoko. Kenako anandiimiritsa, anandisenzetsa njinga yophwanyikayo.

“Si paja umadziwa kunyamula paphewa? Nyamula, anthu aonere mpikisano,” anatero a Gwaza.

Anandiyendetsa katatu pamaso pa anamalira, kupita ndi kubwera, magazi akudontha m'mphuno. Pondimasula a Gwaza anandilankhula mokweza kuti aliyense amve. Anati maliro akadzagwa kwathu ndidzakumbe ndekha manda ndi njinga yangayo.

Amene simuli a kuno mumvetse kulemera kwa mawu amenewa. Kwathu m'bale sakumba manda a m'bale wake. Maliro akagwa m'mudzi mwathu amadzakumba ndi a kutsidya, ndipo akagwa kwawo timakakumba ndife. Zakhala choncho kuyambira makolo athu, moti munthu amene a kutsidya amukana ndiye kuti alibe womuika.

Ku kiliniki anandimanga dzanja, koma linapola mokhota, zala ziwiri osapindikanso. Ndinatumiza malume ndi nkhuku kukapepesa kwa adzukulu, ndipo nkhukuyo tinaipeza pabwalo pathu atayipotola khosi. Mkazi wanga akafika pa mjigo amayi ankasuntha zidebe zawo n'kusiya kucheza. Kutchalitchi benchi imene ndinkakhala inkatsala yanga ndekha, ngakhale tsiku la mgonero pamene anthu amaimirira kukhomo. Anzanga a njinga anandichotsa m'gulu ponena kuti ndawatsekera njira za m'midzi, ndipo sanalakwe. Koma ine mtima unadzaza ndulu. Ndinkapemphera, inde, koma pemphero langa linali lakuti Mulungu apundule dzanja la a Gwaza monga anapundulira langa. Kwa aNabanda sindinapondeko n'komwe, chifukwa ndinkaopa maso awo.

Mayi anga okha ndi amene sanandinyoze, ndiponso sanandiikire kumbuyo. Anangoyamba chizolowezi chachilendo. Lachitatu lililonse ankamanga duku, n'kutenga ndodo, n'kunena kuti akukafuna ndiwo kudimba. Miyendo yawo inali yotupa kale, ndipo ankabwera madzulo akupuma movutikira, m'manja mulibe ndi tsamba limodzi lomwe. Sindinawafunse. Ndinali wotanganidwa ndi kudzimvera chisoni.

Anamwalira m'mwezi wa Okutobala, m'mawa, atangokhala pakhonde n'kunena kuti mtima ukuthamanga. Tinatumiza uthenga kutsidya monga mwa mwambo. Yankho la a Gwaza linabwera dzuwa lisanafike pamutu, lakuti katswiri awakweze mayi ake pa njinga akawasiye yekha kumanda. Amuna a m'mudzi mwathu ambiri ndi abale athu, ndipo otsalawo anaopa kuti akagwira khasu nawonso adzakanidwa pa tsiku lawo. Anabwera, anakhala patali, anandiyang'ana. Ngakhale wothyola masamba kuti agoneke panjira sanapezeke, moti anthu ankadutsa pakhomo pathu akuliza mabelu a njinga ngati palibe chachitika.

Kutentha kwa Okutobala mukukudziwa. Pofika m'mawa wa tsiku lachiwiri, amayi amene anakhala ndi mtembo anayamba kutulukira panja mmodzimmodzi, atagwira nsalu pamphuno. Mlongo wanga anandipeza kuseri kwa nkhokwe, maso ali psuu.

“Achimwene, amayi ayamba kuwonongeka. Mwawapha ndi manyazi, tsopano mukufuna awolere m'nyumba?”

Ndinatenga piki ndi khasu n'kupita kumanda ndekha. Nthaka inali gwa ngati njerwa yowotcha. Ndikamenya, piki inkapulumuka m'dzanja lopunduka lija, ululu n'kukwera mpaka m'khosi. Ndinamanga dzanjalo ku mpini ndi lamba wa chubu cha njinga, ndipo ndinapitiriza mpaka matuza anaphulika. Dzuwa litakwera ndithu, dzenje linali lisanafike n'komwe m'mawondo. Ndinawerengera ndekha kuti pa liwiro limeneli ndidzatha masiku atatu, ndipo mayi anga sakanadikira ngakhale tsiku limodzi.

Ndinagwada m'kadzenjemo n'kulira ngati mwana. Pemphero limene ndinapemphera silinali lokongola. Ndinati, Mulungu, wolakwa ndine, ndinamva kulira kuja ndipo ndinapalasa dala. Ngati mukufuna wolanga, ine ndilipo, thyolani ndi dzanja linali. Koma mayi anga sanakwerepo njinga moyo wawo wonse, musalole kuti awole ngati galu chifukwa cha ine. Aka kanali koyamba kuvomera ndi pakamwa panga kuti sindinasokonezeke chabe ndi nthambi.

Ndisanadzuke ndinamva mapazi pa masamba ouma. Nditakweza mutu ndinaona aNabanda, mayi wa mtsikana uja, atavala duku lakuda, khasu lili paphewa. Ndinati abwera kudzandilavulira, ndipo ndinali wokonzeka kulandira. Paja mkazi safika kumanda pa nthawi yokumba.

“Tuluka m'menemo,” anatero. “Mwana sakumbira mayi wake.”

Ndinatuluka. Iwo anakwinya chitenje, analowa m'dzenjemo, n'kuyamba kukumba. Ndipamene ndinaona kuti kumbuyo kwawo kukubwera amuna a kutsidya, akuyenda monyinyirika. ANabanda anali atadutsa pakati pa mudzi wawo wonse ndi khasulo, akuuza aliyense kumene akupita. A Gwaza anaima m'mphepete mwa dzenje n'kunena kuti, “Mayi, tulukani, mukutichititsa manyazi.”

ANabanda sanasiye kukumba. Analankhula khasu likugwa.

“Mwana anamwalira uja anali wanga, a Gwaza, sanali wanu. Nonsenu munakwiya m'dzina langa, koma maliro atatha ndani wa inu anabwera kudzandiona? Gogo wagona uyu yekha. Tsiku loyamba anagwada pakhomo panga ndi miyendo yake yotupa mpaka ndinamudzutsa ndekha. Kuyambira pamenepo Lachitatu lililonse ankawoloka mtsinje kudzaswa nane mtedza, kuti ndisakhale ndekha m'nyumba muja. Ngati amuna kulibe, ndimuika ndine.”

Abale anga, ndinakhala pansi pomwepo. Ndiwo za kudimba zija zinali zimenezi. Ine ndili kalikiliki kupempherera dzanja la a Gwaza kuti lipuwale, mayi anga ankayenda ndi ndodo kukapepesa mlandu wanga, osandiuza ngakhale liwu limodzi.

Kenako bambo wina wachikulire analowa m'dzenje n'kulanda khasu m'manja mwa aNabanda, wina anatola piki yanga. A Gwaza anali omaliza. Sanandiyang'ane, sanandilankhule, koma anavula malaya n'kukumba kuposa onse. Dzuwa lisanapendeke manda anali atatha. Pobwerera kunyumba ndinapeza masamba aawisi atagonekedwa panjira ya kwathu, ndipo anthu anandiuza kuti amene anawathyola ndi aNabanda pobwera. Pamasambapo ndinaona a Mwale ndi anzanga a njinga atatsika, zisoti zili m'manja, akukankha njinga zawo kulowa pamaliro. Mayi anga tinawaika tsiku lomwelo, ndi nyimbo, ngati munthu.

Patatha sabata ndinawoloka mtsinje kukagwada pamene mayi anagwada. Musaganize kuti aNabanda anandikumbatira. Anandiyang'ana nthawi yaitali, kenako anati fumbi langa linagwera pa nsalu imene anafunditsa mwana wawo, ndipo chimenecho sadzaiwala mpaka kufa. Atatero anandikankhira lichero la mtedza n'kunena kuti ngati ndabwera, manja asangokhala. Ndinaswa mtedza ndi zala zanga zitatu, misozi ikugwera m'makoko.

Ndikuthokoza Mulungu amene anayankha pemphero la munthu wosayenera, ndipo anayankha kudzera mwa munthu yekhayo amene anali ndi chifukwa chenicheni chondida. Ndikuthokoza aNabanda, ndi mayi anga amene sindinawathokoze ali moyo. Inu amene mwatsekeredwa kunja, kaya mwalakwa kaya simunalakwe, musasiye kupemphera, koma pempherani zoona. Ine ndinataya miyezi ndikuuza Mulungu za tchimo la a Gwaza, ndipo thandizo linafika pa ola limene ndinatchula langa. Limbani mtima, mwina pali wina amene akukuyenderani kale ulendo umene inu simukuudziwa.

Njinga ija a Mwale anandithandiza kuikonza, ndipo gulu linandilandiranso. Dzanja silinawongoke, buleki ya kumanja ndimaigwira movutikira, ndipo chiyambire sindinapambanepo mpikisano. A Gwaza mpaka lero sandipatsa moni. Amene mumandifunsa chifukwa chake sindipezeka pa zoyeserera za njinga za Lachitatu, yankho ndi limeneli: tsikulo ndimakhala kutsidya, kwa aNabanda. Ndikafika pamalo pamene panali masamba aja ndimatsika, ndimavula chisoti, n'kukankha njinga mpaka pakhomo pawo, ngakhale panjirapo palibe tsamba lililonse.