Mphongo ya ku Chakari

Abale anga mwa Ambuye, landirani moni kuchokera kuno ku Chegutu. Ndikuuzeni momwe ndidatsalira pang'ono kutha khola la bambo anga ndi nzeru zandekha.

Bambo pomwalira adandisiyira nkhosa zamakolo, zofiirira zija za mchira wamafuta, zimene kuno amati Sabi. Ali moyo, zaka ziwiri zilizonse ankakoka mphongo yathu ndi chingwe kupita nayo ku Chakari, n'kubwerako ndi ina, akununkha mowa. Ine ndinkati mphongoyo ndi chonamizira chabe chokamwera ndi anzawo a kumgodi. Khola litakhala langa, ndidaleka zimenezo. Mphongo imodzi yomweyo idakwera ana ake, kenako zidzukulu zake, ine osaona cholakwika.

Zimene zidatsatira zinali zonyansa. Ana ankabadwa opindika miyendo, ena okhota kukamwa, osatha kuyamwa. Ankatsegula m'mimba, ntchentche n'kuikira mazira kunsi kwa mchira, ine n'kumakolowola mphutsi ndi kamtengo nditagwira mphuno. Koma chondinyansa kuposa mphutsizo ndine ndemwe. M'malo modzifunsa, ndidafalitsa kuti mnansi wanga, Mai Banda, akulodza khola langa. Zitatsala zazikazi zinayi ndi mphongo ija, ndidagwada m'ndowe momwemo n'kupempha Ambuye kuti mtundu umenewu usathere m'manja mwanga.

Sabata yotsatira ndidapita ku Kadoma kukagulitsa zikopa. Padafika mwamuna wina, matope mpaka m'makutu, mmodzi wa makorokoza okumba golide aja amene ndinkawadutsa ngati sindikuwaona. Adasisita chikopa, n'kufunsa ngati ndine mwana wa a Phiri osinthana mphongo. Nditavomera adati, “Nanga mudalekeranji kubwera, mayi? A baba anga, amene ankasinthana mphongo ndi bambo anu, adamwalira akukudikirani. Magazi amodzi amaola m'khola. Zathunso ku Chakari zayamba kubala zolumala.”

Ndidafuna nthaka indimeze. Kani kunyoza kwanga kunkapha makola awiri!

Tidasinthana mphongo. Chaka chino ana asanu abadwa, onse adaimirira okha n'kuyamwa. Kwa Mai Banda ndidakapepesa. Adandikhululukira, koma atanditsuka kaye m'makutu, ndipo zinkandiyenera.

Ndikuthokoza Mulungu amene adandiyankha kudzera mwa munthu amene sindikadamupatsa ngakhale moni. Inu amene muli m'mayesero, musaleke kugwada, ngakhale dzenjelo mudakumba nokha. Chingwe cha bambo chija ndinkamangira nkhuni. Ndachichapa, ndipo nthawi ikakwana ndidzakoka nacho mphongo ndekha mpaka ku Chakari.