Nkhunda za Bwana Mwini Malo

Pamsika wa ku Louhans, m'chaka cha 1789, pamene alimi ankaukira mabwana eni malo, mayi wina ankaitanira malonda a nkhunda zososola. Mathurin, mlimi wa tirigu, adaima patsogolo pake akufinyafinya chipewa m'manja.

"Gulani, bambo! Za m'khola la bwana mwini malo izi, tidaliphwanya dzulo. Zanenepera mbewu zathu zomwe."

"Simukuopa, mayi?"

"Ndiope chiyani? Zaka zonsezi zikutola tirigu m'munda mwanga, lamulo la mfumu likuti ndisazigende ngakhale ndi kamwala! Inu sizidakudyereni?"

"Zidandidyera. Chaka chatha, matalala atasakaza minda, mkazi wanga Perrine adapha imodzi n'kuphikira ana."

"Ameneyo ndiye mzimayi!"

"Ine ndidaphula mphikawo n'kupita nawo kwa kapitawo wa bwana kukapepesa. Ndidagwada, mayi. Ana adagona ndi njala."

"Adakukakamizani ndani?"

"Palibe. Panalibe ndi mmodzi yemwe adationa."

"Mayo ine! Bambo wamkulu ndi ndevu zomwe... Chabwino, mukufuna zingati?"

"Yamoyo mulibe? Perrine wakana zososola kale. Akuti ndikaiphe ndekha pakhomo, ana akuonerera."